Chibowo m'mimba mwa phiri

Lolemba, 3 Malichi

Mwezi wachiwiri pa ntchito. Ukatha uno, abwana athu, a Dokotala, asankha otsala. Ndikapanda kutsala, basi kubwerera kushopu ya azakhali. Mulungu asalole.

Ntchito yake: mozungulira phiri lophulika lija anakwiriramo timakina, timati makutu. Nthaka ikanjenjemera, makutu amalemba mizere yokhotakhota. Ine pa kompyuta kusankha: ili ndi phiri, iyi ndi lole, ili ndi phokoso chabe. Kompyutayo imaphunzira kwa ine ngati mwana, kuti pambuyo pake ijambule m'mimba mwa phiri, tione pamene pali mwala wosungunuka. Amayi akuti, "Ndiye mukuliunika ngati mayi wapakati?" Kuseka mpaka kutsamwa tiyi.

Lachinayi, 6 Malichi

Pali mnyamata wa mawaya, timamutcha Magalasi. Tsiku langa loyamba anandifunsa ngati ndabwera kudzakolopa. Lero wandikokera mpando wofewa. Akhalepo yekha.

Khutu la kum'mawa anakwirira ndi iyeyo. Sabata yatha linamva mbuzi zikulumpha. Khutu ngati mwini wake. Zonse zochokera kumeneko ndikungozilemba phokoso, osataya nthawi.

Lachiwiri, 11 Malichi

Chithunzi chatuluka! Pofiira, pachikasu, ngati nsalu yatsopano. Koma mbali ya kum'mawa chibowo choyera mbee. Kompyuta ikukana chilichonse cha kumeneko, ngakhale chivomezi chenicheni.

A Dokotala anayang'ana ntchito yanga, kenako ine. "Mwana wakoyu watengera mtima wa make. Akadana nawe, wadana nawe." Ofesi yonse phwitiii. Ine manyazi mpaka kumapazi. Ndikonze pofika Lachisanu, limodzi ndi mwini khutu, apo ayi ndikudziwa ndekha.

Lachitatu, 12 Malichi

Tsiku lonse tebulo limodzi ndi Magalasi. Mbuzi zija zinali mizere yochepa chabe. Yotsalayo phiri lenileni, lomveka bwino kuposa makutu ena onse. Zowawa.

Sanandinyoze ngakhale pang'ono. Bola akanatero, ndikanapeza pomulumira. Ndinamukumbutsa za kukolopa. Akuti sakuzikumbuka. Sakuzikumbuka! Ine ndakhala ndikusenza katundu, mwini wake akugona tulo tabwino.

Sopo amene amasambira ndi wonunkhira. Sizikundikhudza.

Lachisanu, 14 Malichi

Chibowo chatsekeka. Kumeneko ndiye kunabisala mwala wosungunuka waukulu, pansi kwambiri. A Dokotala akuti aziuyang'anira, koma palibe choti tithawire. Anavina ndi mpando wawo wamatayala mpaka kugunda kabati.

Akuti palibenso chodikirira kutha kwa mwezi: ndatsala! Shopu ya azakhali, ugone kutali.

Koma mawa ndikwere phiri kukasintha mabatire. Ndi ndani? Ndi yemweyo. Ndauza amayi kuti sindinamukhululukire, ndikungogwira naye ntchito. Akuti, "Eya mwanangu. Nanga tsitsi ukulukitsalo, n'la mabatire?"

Ndawayankha kuti kumwambako kuli mphepo, ndiponso munthu sangakwere phiri tsitsi lili nyankhalala.