Ndigule kabokosi kati kuti ndisalirenso m'holo?

Aphungu,

Ndine mayi wa ana awiri. Pakati pa sabata ndimaluka tsitsi, Loweruka ndimaika nyimbo m'maukwati. Ntchito yachiwiriyi inali ya amuna anga, ine ndinkangowakulungira zingwe mpaka ndinaiphunzira. Anamwalira chaka chatha, n'kundisiyira masipika awiri, laputopu ndi mikisa yakale yosakanizira mawu, yomwe yapsa mwezi wathawu.

Chipsereni mikisayo, ndimalumikiza laputopu ku masipika mwachindunji. Bowo la laputopuyo ndi limodzi, choncho sindingamvere kaye nyimbo yotsatira m'mahedifoni ina ikulira. Ndimangodalira dzina lomwe lalembedwa.

Loweruka lapitali, mkwatibwi ataima pakhomo la holo, ndinadina pomwe malemuwo analemba kuti "Yolowera". Sinali nyimbo. Anali iwowo, akuyesa maikolofoni pabalaza pathu: "Amake mwana, mukundimva kukhitchiniko? Ndiyankhenitu." Holo yonse inamva. Ndinalira pamaso pa anthu, mwana wa eni ali chiimire ndi maluwa ake.

Mwini holo, yemwe amandipezera maukwati ambiri, anandiitanira kuofesi. Anati, "Mayi, chisoni tikumva, koma ukwati sabwereza. Zikachitikanso sabata yamawa, ndiitana wina." Holo imeneyi ikandichoka, tsitsi lokha silingatidyetse.

Ndapita kusitolo ya zamagetsi kukafuna kabokosi kotulutsira mawu m'laputopu, kaja amati saundikhadi. Ndalama zanga zikukwana kamodzi mwa tiwiri. Koyamba n'kofiira, kowala, kali ndi mabowo awiri a maikolofoni kutsogolo, ndipo wogulitsa akuti oimba onse amagula komweko. Kachiwiri n'kakuda, kokandikakandika, kogwiritsidwapo kale ntchito, kali ndi mabowo anayi kumbuyo. Ndigule kati? Kapena ndingogulitsa masipikawo, ndivomere kuti ntchitoyi inapita ndi eni ake?

M. T. W.

Mayi,

Pepani kwambiri. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo yandikhudza. Koma masipikawo musagulitse. Munthu amene wasunga maukwati chaka chathunthu ali pachisoni ntchito amaidziwa, chomwe chakuperewerani ndi chida.

Wogulitsayo sakunama kuti oimba amakonda kofiirako, koma inu simuimba. Woimba amalowetsa mawu m'laputopu, inu mumawatulutsa. Ndiye lekani kuwerenga mabowo akutsogolo, katembenuzeni kabokosiko muwerenge akumbuyo. Mukufuna otulutsira mawu anayi: awiri opita ku masipika, awiri enawo a mahedifoni anu, kuti anthu azivina nyimbo imodzi inu mukumvera ina mwakachetechete. Timabokosi tambiri tokongola tili ndi bowo la mahedifoni, komano limangobwereza zomwe zikumveka m'masipika. Mukagula kotero, mwagula kuwala basi.

Musandikhulupirire ine, ngakhalenso wogulitsayo. Nyamulani laputopu, mahedifoni ndi sipika imodzi, mupite nazo kusitoloko. Lumikizani kakudako, muuze pulogalamu yomwe mumasakanizira nyimbo kuti bowo loyamba ndi lachiwiri ndi a masipika, lachitatu ndi lachinayi ndi a makutu anu. Kenako lizani nyimbo ziwiri nthawi imodzi. Iliyonse ikapita kwake, kabokosi kanu ndi kameneko. Mudine batani mumve ngati mawu akuchedwa, mugwedeze zingwe mumve ngati zikuthetheka, mukasiye kakulira kwa theka la ola poti n'kakale. Muonenso ngati zingwe za masipika anu zikulowa. Wogulitsa akayamba kuyang'ana wotchi, musiyeni ayang'ane. Akakana kuti muyese, tulukani, masitolo ndi ambiri.

Kakudako kakalephera, pali chingwe chotchipa chogawa bowo la laputopu pawiri, mbali ina ya masipika, ina ya mahedifoni. Mawu ake sakhala odzaza bwino, koma chingakuwolotseni Loweruka limodzi mukufunafuna kabokosi kena.

Tsopano nkhani yovuta. M'laputopumo mwina muli mawu ena a bambowo omwe simunawapeze. Sankhani tsiku, muitane mchemwali wanu kapena mnzanu wapamtima akhale nanu, mutsegule chilichonse chimodzichimodzi. Za malemuwo muzisamutsire pa fulashi yapadera ndipo musazifufute, ana anu adzazifuna. Mukalira tsiku limenelo lirani ndithu, muli kwanu.

Mukatha, pitani kwa mwini holo mkati mwa sabata, holo ili yopanda anthu, mumupemphe ola limodzi loyeserera. Mumuveke mahedifoniwo adzimvere yekha kuti nyimbo tsopano imayamba yadutsa m'makutu mwanu. Adzakhulupirira makutu ake kuposa malonjezo anu.

Chenjezo langa ndi ili: kabokosiko sikamvera nyimbo m'malo mwanu. Tsikulo mudzafuna kudina msanga poti mkwatibwi waima pakhomo. Musiyeni aime kamphindi, wadikira kale zaka zambiri. Mumvere kaye, kenako mumulowetse.