Akuti oyilo wanga wapha galimoto ya mkamwini

Aphungu,

Mkamwini wanga wandisandutsa chitsiru pamaso pa anthu, ndipo mwana wanga wabwerera pakhomo panga ndi chikwama. Kalatayi akundilembera a Veronica oyandikana nawo nyumba, poti ine kusukulu sindinapondeko. Ndawauza alembe momwe ndikunenera, asakometse.

Ine ndakalambira m'chigayo. Injini za dizilo ndimazimva ndi khutu, oyilo ndimamudziwa ndi zala. Wabwino ukamutikita amakakamira, amatsika pang'onopang'ono ngati uchi. Injini ikayamba kufuka utsi tinkawonjezerako wa m'giyabokosi, utsi n'kuchepa. Palibe anandiphunzitsa ndi choko zimenezi.

Mkamwini wangayo, a Malizani, anagula kagalimoto ka ku Japan n'kumachitira takisi kudepoti. Kwawo ku Chinsapo kulibe mpanda, ndiye kamagona pabwalo panga kuno ku Biwi. Tsiku lina ndinatsegula boneti n'kusolola kachitsulo koyezera oyilo. Aphungu, sanali oyilo uja, anali tiyi. Ndinamva chisoni, ndinati mwana wa eni ake am'pusitsa ogulitsa. Ndinamukhetsa yense, n'kuthira wanga wolimba wa kuchigayo, n'kuwonjezera wa m'giyabokosi. Sindinapemphe kanthu kwa munthu.

A Malizani anandipeza ndikuthira. Anaima potero monga achitira mkamwini, anavula chipewa, anayang'ana chigubu, nati, "Zikomo bambo, mwavutika." Basi, mawu ake anali omwewo.

Itafika June, kagalimoto kanayamba kumalira m'mawa ngati misomali m'chitini. Kenako kanafera pamlatho wa Lilongwe anthu ali m'kati. Anakakokera kwa makaniko wina dzina lake Maxon, ine n'kupita nawo kuti ndikathandize maganizo. Maxon uja, mwana wadzulodzuloli, atamasula kunsi anafunsa mokweza, "Ndani waphikira phala m'injini muno?" Galaja yonse kuseka. A Malizani anangozolika, osanditchula, osanditeteza. Injini akuti yanoka, yaferatu.

Kunyumba kwawo ndiye kunabuka moto. Akuti a Malizani anamuuza mkazi wawo Tionenji, mwana wanga mmodzi yekhayo, kuti, "Bambo akowo zinthu zofuna sukulu azizisiya." Iye anayankha, "Nanga inu pakamwa munasiya kuti pomwe ankathira?" M'mawa mwake ndinangomuona akulowa pageti, khanda kumsana.

Mayi ake anatisiya kale, ndiye wom'khazika pansi palibe. Sakundikalipira, bola akanatero. Amandiikira madzi osamba mwaulemu ngati ndine mlendo, n'kukadzitsekera kuchipinda. Kagalimoto anakabweza pabwalo panga, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake, ndipo ndikatsegula chitseko choyamba kuona n'komweko. Kubawo ndinasiya kupita, chifukwa ndikangokhala wina amafunsa ngati phala lapsa.

Ankhoswe akuti ndiyambe ndine kupepesa. Ine kugwadira mkamwini chifukwa chom'thandiza? Oyilo yemweyo wayendetsa zigayo zomwe zadyetsa theka la Kawale. Koma banja la mwana wanga likufa ine ndikuona, ndipo mphamvu zanga zatha. Ndikapita, Tionenji adzatsala ndi yani? Anthu adzati bambo ake anam'pasulira banja ndi chigubu cha oyilo.

Ndiuzeni zoona, musandinyengerere. Oyilo wolimba angaphe injini? Ndipo muwauze a Malizani kuti mkazi sam'taya chifukwa cha chitsulo.

G.K., Biwi, Lilongwe

Bambo G.K.,

Mwati ndisakunyengerereni. Inde, angaphe. Ndafunsa amakaniko okhwima pa ntchito, ndipo onse anena chimodzi.

Zala zanu sizinaname, kungoti zinazolowera injini ina. Ya chigayo ndi yaikulu, imazungulira modekha, ndipo oyilo wolimba imamulandira. Ya kagalimoto imathamanga kwambiri, tinjira take ta oyilo n'tating'ono ngati phesi la udzu. M'mawa wozizira wa June oyilo wolimba amachedwa kukwera, zitsulo n'kumakhulana zouma. Misomali munkaimva ija inali imeneyo. Wa m'giyabokosi ndiye sayenera kulowa m'injini ngakhale dontho, anapangidwira ntchito ina.

Pachigubu pamakhala manambala awiri, monga 10W-30. Yoyambayo imanena momwe oyilo amayendera kukazizira: ikakhala yaing'ono, amakwera msanga. Yachiwiri imanena kulimba kwake injini ikatentha. Tigalimoto tambiri ta ku Japan timafuna 5W-30 kapena 10W-30, tiyi munam'khetsa uja. Injini ikakhala yotopa, makaniko angakweze pang'ono, koma osati kufika pa uchi. Nambala yeniyeni ili m'buku la galimotoyo, nthawi zina pachivindikiro pothirira. Bukulo mwina lili m'Chijapani, chomwe a Malizani nawonso sawerenga. Choncho nkhani apa si sukulu ayi. Nkhani ndi kufunsa.

Kagalimotoko musakalize. Muitane makaniko wina wodekha aone ngati injini ingakonzeke kapena pafunika ina. Akakonza atsuke m'kati monse, asinthe sefa ya oyilo, ndipo oyilo agule wa m'chigubu chomata, osati wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu. Pa tsikulo mukhalepo. Khutu lanu likadali ndi ntchito.

Tsono za kupepesa. Palibe akuti mupepese chifukwa chothandiza. Chofunika n'kuvomera kuti munagwira chinthu cha mwini osam'funsa. Inuyo munthu akanalowa m'chigayo chanu n'kumasula lamba, ngakhale mwachifundo, mukanam'thokoza? Itanani ankhoswe sabata ino, munene mawu ochepa: "Ndinathira ndine, ndimayesa ndikuthandiza." Ndevu zanu sizithothoka nazo. Koma chenjerani, bambo. Tionenji anaima pakati pa bambo ndi mwamuna, ndipo anasankha inu. Mukapitiriza kuuma khosi, amene azilipira ndi iyeyo, ndipo madzi osamba aja azikuikirani mwaulemu womwewo mpaka kalekale.

A Malizani, ndikudziwa tsamba lino limafika kudepoti. Munaona chigubu, munadziwa, n'kunena kuti zikomo. Ulemu wotero ndiwo unapha galimoto yanu pamodzi ndi oyiloyo. Ngati pamaso pa apongozi pankakulemerani, mukanatuma akazi anu, kapena kukhetsa oyiloyo mwakachetechete tsiku lomwelo. Munasunga mawu pamene akanathandiza, n'kukawatulutsira munthu wosalakwa. Injini imagulidwa ina. Valani jekete Loweruka lino, mutenge ankhoswe anu, mupite ku Biwi, mukamve mawu a apongozi anu, mukabweze anu aja onyoza, ndipo mukatenge Tionenji ndi mwana.

Aphungu