Anavala dengu la tiyi kumutu n'kunditsekera panja ndi mavu

Aphungu,

Ndithandizeni, mutu wanga watentha. Ndine mtsikana wa zaka 24, ndimaphunzitsa pasukulu ya paesiteti ina kuno ku Thyolo ndipo ndimakhala m'nyumba ya kampani, zija zoti ukatsegula windo umangoona tiyi yekhayekha. Ndili ndi chibwenzi, dzina lake Elliot, amayang'anira anthu othyola tiyi. Kumundako amamutchula kuti bwana. Bwana ameneyo dikirani mumumve.

Pakhonde langa pali mavu. Pakhoma panali timiphika tadothi toumbidwa ndi mavu ena oonda m'chiuno, a miyendo yachikasu ngati avala sokosi. Ndiye kudenga, pakona yopita kubafa, kwalendewera chisa chachikulu chooneka ngati pepala, chodzaza zimavu zofiirira. Kwa ine onsewo ndi mavu basi.

Loweruka likubwerali amalume akubwera kuchokera kwa Kapichi kudzamuona Elliot kuti za chinkhoswe ziyambike. M'nyumba ndi mochepa, tidzakhala pakhonde pomwepo. Ndiye ndinamuuza kuti achotse zinthuzo. Anaseka, ati iye amalamula gulu lonse la anthu kumunda, tizilombo tingamutani. Anatenga tsache n'kugumula timiphika tonse. Munangotuluka akangaude akufa, eni akewo anauluka osamukhudza n'komwe. Munthu anadzimva, ngakhale kuyenda kunasintha. Ati mavu a ku Thyolo amamudziwa.

Lamulungu titachoka kutchalitchi, dzuwa lili paliwombo, ati tsopano chisa chija. Moto sakanayatsa poti kampani imaletsa moto pafupi ndi munda. Ndiye anatulukira atavala epuloni yapulasitiki ija amavala othyola tiyi, magambuti, ndipo kumutu, Aphungu, anadzivundikira dengu lothyolera tiyi. Dengu lamibowo loti chala chimalowa, iye ati ndi helemeti. Mayi Doris a nyumba yoyandikana nayo anachita kutulutsa mpando kuti aonere bwino, ali patali ndithu. Anangoti, "Achimwene, mwalemba kale wilo yogawa chuma chanu?"

Anabaya chisa ndi nsungwi. Chisa sichinagwe, koma zimavu zinatsika ngati mvula, zina n'kulowa m'dengu momwemo. Munthu anavina gule yemwe sindinamuonepo chibadwire. Ine ndinali pampopi ndikutsuka mbale. Anandidutsa ngati sakundidziwa, kulowa m'nyumba, nyumba yanga, chitseko phwa! Mavu awiri anandipeza pamkono. Ndinagogoda, ndinakuwa, zii. Ndinathawira kwa Mayi Doris.

Zitazizira tinapita kukakankha chitseko tonse awiri. Tinamupeza atakhala pansi, watsamira chitsekocho, milomo ngati masoseji, maso atatsekeka, zidzolo mpaka kumimba kumene sanalumidwe n'komwe, akupuma ngati pampu ya njinga yobooka. Ndiye ati, "Vera, ndimakumva, koma miyendo inakana. Ndinachita chizungulire." Ma drama! Iye anamuluma atatu okha. Ine awiri, ndipo ndinabwerera kukamaliza mbale zanga.

Pofika madzulo anali atachira, anadya bwinobwino. Koma nkhani yafala esiteti yonse. Ana anga a sitandade 5 ndikamadutsa akumavala mbale kumutu. Ndiye ndamuuza mosabisa kuti chisa chimenecho achichotse yekha ndi manja ake Loweruka lisanafike, apo ayi amalume asavutike n'kukwera minibasi. Wavomera, ati Lachisanu adzabwereka helemeti yeniyeni kwa wakabaza wa njinga yamoto.

Aphungu, mwamuna wothawa mavu n'kutsekera mkazi panja angadzanditeteze kwa akuba? Akalephera Lachisanu ndimusiye? Komanso mavu amenewa bwanji ena anamusiya, ena n'kumukhaulitsa?

V.K., Thyolo.

*

Vera,

Dzina lako walitchula wekha m'kalatamo, ndiye ndikuitana nalo. Za dengu ndaseka mpaka misozi, sindikana. Mnyamata wako ndi wamatama, ndipo munthu amene amaona dengu limenelo tsiku lililonse n'kuliyesa helemeti sindikudziwa kuti kusukulu ankakhala benchi iti. Koma nditafika pamene munamupeza kuseri kwa chitseko, kuseka kunatha. Iwe mphunzitsi wathunthu, unaona munthu milomo itatupa, zidzolo zili pamene sanalumidwe, mpweya ukuvuta, miyendo yafooka, n'kumati ndi sewero? Sewero lanji limatulutsa zidzolo kumimba?

Anthu sitifanana. Wina mavu akamuluma amangotupa pamalopo, monga iwe. Wina thupi lake limadana ndi ululu umenewo, ndipo zizindikiro zake ndi zomwe walembazo. Munthu wotero akalumidwanso zimatha kukula kuposa poyamba, kukhosi n'kutsekeka. Elliot anachita mwayi Lamulungu. Iwe ndiye wamupangira tsiku loti akayesenso mwayiwo, ndipo iye, pofuna kuchotsa manyazi, wavomera. Awiri inu mwapezanadi.

Choyamba, muimbire lero, osati mawa. Umuuze kuti lamulo lako lija lafafanizidwa ndipo helemeti ya wakabaza isabwere. Kenako mupite limodzi kukiliniki, akafotokoze zonse, ngakhale za dengu, kuti a zaumoyo amuuze zoyenera kuchita, pakuti munthu woyendera minda adzakumana nawonso mavu. Anzake kuntchito adziwe kuti akadzalumidwa n'kuyamba kutupa nkhope kapena kubanika, ndi wothamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, osadikira kuti tione madzulo.

Tsopano za mavu akowo, poti kwa iwe onse ndi mavu basi. Uziyang'ana nyumba yake. Oumba timiphika tadothi aja amakhala payekhapayekha, aliyense ndi kamphika kake. Amagwira akangaude n'kusungira ana awo m'menemo, ndipo kawirikawiri saluma munthu pokhapokha utawafinya. Ngwazi yakoyo inagonjetsa mavu amene sanali pankhondo. Mavu a chisa chapepala, amene ena amawatcha mavu ankhomo, amakhala gulu ndipo chisa amachilondera. Ukachigwedeza amabwera onse, ndipo mmodzi amatha kuluma kangapo. Elliot anakhoza mayeso a sitandade 1 n'kudziyesa kuti wamaliza fomu 4.

Nyumbayo ndi ya kampani, ndiye chisa kachinene kwa oyang'anira nyumba kuti atumize munthu wa zovala ndi mankhwala ake. Ntchitoyo imachitika kukazizira, mavu atakhala phee pachisa, osati dzuwa lili paliwombo ndi nsungwi. Chikanakhala mumtengo kutali ndi njira ndikanati chisiye, pakuti mavu amadya mbozi zoononga ndiwo zamasamba kudimba. Koma panjira ya kubafa ayi. Podikira, uzidutsa mwakachetechete osakupiza manja, shuga ndi zipatso zakupsa uzivundikira. Akakuluma tsuka ndi sopo n'kuikapo nsalu ya madzi ozizira. Oumba dothi akabweranso asiye, kapena upale timiphikato pakhoma akachoka. Ngati chisa chikhala chilipobe Loweruka, amalume akhale pabwalo la Mayi Doris. Mpando ali nawo, tamva kale.

Za chitseko sindikumuikira kumbuyo. Anakudutsa, ndipo chitseko anatseka asanagwe. Umufunse muli awiri, popanda kumuseka, ndipo umvetsere ngati pakamwa pake pangatuluke mawu oti pepa. Munthu wochita mantha n'kuvomereza ungakhale naye. Wochita mantha n'kumadzitchabe bwana ndiye wofunika kumuganizira kawiri. Nawenso ukapepese, pakuti munthu ankabanika pansi iwe ukuwerenga kuti wako awiri, wake atatu.

Chenjezo langa ndi ili: usamayese chikondi ndi chinthu chimene chingaphe munthu. Amalume akubwera kudzaona mkamwini. Usawachititse kuti atsike minibasi n'kumafunsa kumene kuli maliro.

Aphungu.