Mlamu wanga akubisa mwana wotupa mapazi

Aphungu,

Ndine mayi wa ku Bangwe, ndipo ndinadzipereka kuthandiza bungwe lina lomwe likufufuza ana onyentchera mumzinda muno. Timayenda khomo ndi khomo, kuyeza mkono wa mwana ndi kalamba koyezera, kenako n'kulowetsa zotsatira mufoni. Kuofesi zonsezo zimapanga mapu, ndipo dera lomwe lafiira ndi kumene anamwino ndi galimoto ya chiponde amayambira.

Dera lathu likuoneka lobiriwira, koma ine ndikudziwa kuti ndi bodza, chifukwa umboni uli m'banja mwathu momwe. Mchimwene wanga Laurenti amayendetsa thiraki, amatha miyezi ali kunja. Mwana wake Tithokoze, wa zaka ziwiri, watupa mapazi ndipo tsitsi lafiirira. Nditafika ndi foni yanga, mkazi wake Kristina anathamangira naye kuchipinda. Anandinong'oneza kuti, "Alamu, chonde musamulembe. Anthu akamuona anena kuti ndi tsempho, kuti kholo lina layenda njira zachigololo. Bambo ake kulibe chonchi, chala aloza ndani? Si ine?" Mayi athu nawo ayamba kale kumuyang'ana Kristina ndi diso lofiira, uku akumwetsa mwanayo zitsamba.

Si kwathu kokha. Nyumba zina amandiuza kuti mwana anapita kumudzi, ine ndikumumva akulira mkatimo. Mufonimo mulibe polemba mwana amene sindinamuone, ndiye khomolo limangowerengedwa ngati lili bwinobwino.

Zikundiwawa, Aphungu, koma sindigonja. Ndaganiza zomulowetsa Tithokoze mobisa, n'kuwonjezerapo ana ena ongopeka kuti dera lathu lifiire, thandizo libwere msanga. Kodi ndilakwa?

P.K., Bangwe

Mayi P.K.,

Mtima wanu ndaukonda, koma nzeru ya ana ongopekayo itayeni kudzala. Mukafiiritsa Bangwe ndi bodza, ndiye kuti chiponde mwamulanda mwana weniweni wa ku Ndirande kapena Machinjiri. Ndipo tsiku lomwe adzakutulukireni, ngakhale zoona zimene munalemba adzazikana.

Mapu ayambe adikira, tione za Tithokoze. Mwana wotupa mapazi onse awiri sadikira galimoto ya bungwe, ayenera kukaonedwa kuchipatala lero lomwe. Kutupa kotere kawirikawiri kumabwera thupi likamasowa chakudya choyenera, ndipo kumachizika mukafulumira. Paja pakadafunda padajiwitsa galu.

Musayambitse mtsutso wa tsempho ndi mayi anu pabwalo, mungomuyalutsa Kristina pamaso pa aneba. Iyeyo sakuopa chipatala, akuopa chala, ndiye chotsani chalacho. Muimbireni Laurenti, foni muike poti mayi amve, anene ndi pakamwa pake kuti mkazi wake sakumukayikira ndipo mwana apite kwa adokotala. Akatero, mwanayo mum'bereke inuyo azakhali ake, Kristina ali pambali panu, mudutse mumsewu waukulu masanasana. Aliyense aone kuti akuchimuna ndi amene anyamula mwana. Pakatero amiseche asowa poyambira.

Mukachoka kumeneko, pitani kwa amene amakuyang'anirani. Auzeni mosapita m'mbali kuti foni yawo ikusandutsa ana obisidwa kukhala ana athanzi, ndipo pakufunika polemba kuti "alipo koma sitinamuone." Tengani anzanu oyenda nawo, chifukwa ndikhulupirira nawonso akumva kulira kuseri kwa zitseko. Pemphaninso kuti makomo otero muzibwererako ndi amayi a mumpingo amene eni nyumba amawakhulupirira.

Chenjezo langa ndi ili: musalembe mwana aliyense mayi ake asanavomere, ndipo chithunzi kapena dzina lake lisapezeke pagulu la pafoni. Mayi mmodzi akangochititsidwa manyazi, zitseko zonse za mumdadada wake zidzakutsekerani.

Mapu angathe kukonzedwa mwezi wamawa, koma Tithokoze sangadikire mpaka pamenepo. Ikani pansi nyuzipepalayi, mutenge chitenje chom'berekera.

Aphungu