Ndinagonjetsa a Tcheyamani pa Bawo, Tsopano Sakuchoka Pakhonde

Aphungu,

Ndiyambe ndi manyazi anga kuti zinazo muzimve bwino. Ndine mphunzitsi, kwathu ndi ku Dedza, ndipo chino ndi chaka changa chachiwiri kuno ku Chitipa. Mwezi wa Okutobala anamata chikalata pamtengo wa pamsika, chonena kuti m'holo ya pa boma mudzakhala msonkhano waukulu wa masewera: bawo, drafuti ndi ena otero. Ine ndinavala suti, ndinamanga tayi, n'kunyamula tchesi yanga ya ku koleji, kuti anthu aone kuti ena tinapitako kusukulu.

Pakhomo panali mkulu wa Ayufi akuona makhadi a Chipani. Khadi langa linali bwinobwino. Kenako anatsegula kabokosi kanga n'kutulutsa tizidole.

"Aka n'kandani?"

"Mfumu."

"Nanga aka?"

"Mfumunso. Ya mbali inayo."

"Mafumu awiri malo amodzi? Ndiye masewera ake amatha bwanji?"

Aphungu, ndinatsala pang'ono kuyankha. Mulungu anandigwira pakamwa. Ndinati ndi tizidole tophunzitsira ana a Sitandade Wani. Anandiuza kuti nditisiye panja, ndipo mzere wonse unandiseka, ine ndi tayi wanga, mpaka ndinalowa.

M'katimo munali anthu osasimbika. A ku Kaseye anabwera atamangirira mabawo pa kaliyala. Kunali alimi a khofi a ku Misuku, apolisi, a za m'malire, ndi ena a ku Nthalire amene anagona panjira. A drafuti ankamenyetsa zitsekerero za mabotolo ngati akukhoma misomali. Poti tchesi yandikanika, ndinalembetsa bawo, limene anandiphunzitsa malume anga, telala wa pakhonde.

Anandikhazika ndi bambo wina wachikulire, wa jekete lothothoka m'zigongono. Anandipatsa moni wa mphunzitsi m'chinenero chawo nati, "Monire, asambizgi. Khalani pasi, tikuphunzitseniko lero." Ine ndinangoti ndi mlimi wa nthabwala. Ndinawadya, ndinawadyanso, ndipo tiyi amene anandigulira mnzanga asanazizire, mzere wawo wakutsogolo unali mbee.

Holo yonse inatembenukira kwa ife. Ngakhale a drafuti anasiya kukhoma. A hedimasitala athu, a Kayira, anandikokera pakona.

"Mukudziwa amene mwawadyawo?"

"Ayi."

"Ndi a Tcheyamani a Chipani a dera lino! Zaka zisanu ndi zinayi palibe wawagonjetsa. Ngakhale apolisi amadziwa poiwalira. Chikho cha wopambana tinalembapo kale dzina lawo Lachinayi."

Komiti inakumana mwamsanga n'kugamula kuti masewera athuwo anali ongoyeserera. Ine anandipatsa ntchito yoimba belu. Chikho chinapita kwa mwini wake, ndipo ndinaomba m'manja kuposa aliyense.

Ndinkayesa zathera pompo. Lolemba nditaweruka ndinapeza a Tcheyamani ali pakhonde panga, bawo ataliyala kale. Kuyambira tsiku limenelo sanajombepo. Amafika 3 koloko, amamwa tiyi wanga, timasewera, ndimawadya. Tikatha amandipatsa nyuzipepala kuti ndiwawerengere, poti magalasi awo anasweka. Ndikayasamula amandipepesa kuti, "Pole sana," n'kuyalanso timiyala. Ndikati ndikukachonga makope amati, "Chongani, ine ndikudikirani." Ndinayesapo kuluza dala. Anandigwira dzanja nati, "Asambizgi, bwezani mwalawo pomwe unali. Zondipusitsa ndinatopa nazo."

Vuto langa ndi ili. Mkazi wanga Eluby ndi ana awiri ali ku Dedza, akudwazika mayi ake, sangabwere kuno. Ndinapempha kuti andisinthire kwathu, ndipo a Kayira akuti pempholi lingathe ndi mawu amodzi okha ochokera kwa munthu wa Chipani. Ndikawagonjetsa a Tcheyamani ndimagona ndi mantha. Ndikaluza dala amandigwira. Eluby wandilembera kuti mwana wathu wamng'ono wayamba kuitana malume ake kuti ababa. Nditani, Aphungu?

Basi sinafike sabata ino chifukwa cha matope, ndiye kalatayi ndapatsira a Sylvester, dalaivala wa lole ya khofi, munthu wosunga pakamwa.

G.K.P., Chitipa

A G.K.P.,

Khalani pansi kaye. A Sylvester ndi osungadi pakamwa, koma lole yawo imathera ku Mzuzu. Atafika kumeneko anayang'ana munthu wodalirika wopitirira mpaka kuno ku Blantyre, ndipo anamupeza pampando wakutsogolo wa lole yawo yomwe: bambo wachikulire, wa jekete lothothoka m'zigongono, wopita ku msonkhano wa Chipani. Kalata yanu yandipeza m'mawa uno m'manja mwa a Tcheyamani anu. Bawo anali atalipanira m'khwapa.

Musakomoke. Envulopu inali yomata. Ndinawafunsa mwaulemu ngati anaisuzumira, ndipo anakwiya. "Ine sinditsegula makalata a anthu," anatero. "Alipo a ntchito imeneyo." Anakhala pampando wa alendo, ine n'kuwerenga kalata yanu nkhope ili gwa ngati ndikuwerenga za mitengo ya feteleza. Nditamaliza ndinapeza bawo layalidwa pamwamba pa mapepala anga.

Ndasewera nawo kuyambira 9 koloko. Adya nawo mbatata yanga ya masana. Ndiye zimene ndikuuzeni si zongoganizira.

Nkhani yabwino ndi yakuti sakudana nanu. Amakukondani, ndipo tsoka lanu lagona pamenepo. Anandiuza okha kuti, "Zaka naini ndakhala ndikusewera ndi anthu ogona. Munthu ndikumuona kuti apa adye, iye akuyang'ana kudenga. Msambizgi yekha uja ndiye amandiona ngati munthu." Kenako anatulutsa kalata ina m'thumba la jekete, imene mlembi wawo anawataipira, yopita kwa akuluakulu a zamaphunziro. Amati akaisiye pobwerera. M'menemo akukuyamikirani kuti ndinu mphunzitsi waulemu, womvera ndi wokhulupirika, choncho musachoke ku Chitipa. Ndinafunsa kuti mpaka liti. Anati, "Mpaka nditamudya."

Mwaona tsopano. Inu mumaopa kuti akunenezani zoipa, pamene chokumangani ndi chiyamikiro. Njira yopita ku Dedza ndi imodzi: a Tcheyamani akugonjetseni, koma moona.

Choyamba, lekani kuluza dala. Manja anu a ku koleji sadziwa kunama. Kuluza mwaulemu ndi luso la anthu amene analiphunzira zaka zambiri, ndipo a Kayira akanakhala ndi chifundo akanakuphunzitsani musanalowe m'holo.

Chachiwiri, ndinu mphunzitsi, aphunzitseni. Ine ndinaona matenda awo titangoyamba. Dzenje lija timalitcha nyumba amalikonda mopitirira. Amangounjikamo timiyala, safuna kuligwetsa ngakhale nthawi itakwana, poganiza kuti bola nyumba ili chiimire ndiye kuti zonse zili bwino, pamene maenje ena onse akudyedwa. Ndikunena za bawo, owerenga asandiwonjezere mawu. Chinanso, sawerenga timiyala asananyamule, chifukwa kwa zaka zisanu ndi zinayi kulikonse kumene dzanja lawo lagwera anthu amati, "Eya, nzeru zimenezo!"

Koma musawauze kuti akulakwitsa. Munthu wa udindo salakwitsa, amangokumbutsidwa zimene anazidziwa kale. Muziti, "Paja tsiku lija munanena kuti nyumba ikakhwima igwetsedwe?" Adzavomera kuti ananenadi.

Tsiku limene adzakudyeni, pakhale mboni. Itanani a Kayira, wapolisi mmodzi, ndi mkulu wa Ayufi uja ngati angapezeke. Mudandaule mokweza, mugwire kumutu, munene kuti ku Chitipa kwakukanikani. Fomu yanu yopempha kusinthidwa ikhale pafupi, cholembera chili pamwamba. Munthu amene wangopambana moona koyamba m'zaka zisanu ndi zinayi angakulembereni chilichonse. Ndipo Eluby mulembereni lero lomwe, mutumize ndi chithunzi chanu, mwanayo aziona kuti ababa ndi ati. Chithunzi chake chopanda tayi.

Chenjezo langa ndi ili. Nyuzipepala ino ikafika kwanuko, mudzawawerengere za mpira ndi za ulimi wa khofi. Tsamba lino mudzakolezere mbaula. Za anthu ena amene adzaliwerenge musade nazo nkhawa: amene analephera kuwauza kuti "apa ndadya" sangayambe lero kuwauza kuti alembedwa m'nyuzi. Tchesi ija ikhale pansi pa bedi mpaka mudzafike ku Dedza, ndipo kumenekonso muziyamba mwatseka chitseko.

Mufuna kudziwa kuti ine ndawachotsa bwanji. Cha m'ma 4 koloko, ntchito yanga itaima tsiku lonse, ndinawakumbutsa zimene ananena okha zokhudza nyumba. Anawerenga timiyala ndi chala, milomo ikugwedera, n'kuigwetsa nyumbayo. Anandidya maenje anayi motsatizana. Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinawalekera, koma ayi, anandidya ndithu, ine wa digiri.

Anaimirira mpaka mpando kugwa. "Yewo, Aphungu, yewo chomene! Basi ya kumpoto inyamuka nthawi yanji? Msambizgi uja aona!" Ndinawakumbutsa za msonkhano umene anabwerera. Anati atumiza uthenga kuti adwala. Anakokolera timiyala m'thumba, bawo m'khwapa, n'kutsika masitepe awiriawiri ngati mnyamata.

Ndiye konzekani, afika nyuzipepala ino isanafike. Kalata yawo yokuyamikirani ija aiiwala patebulo panga. Tebuloli lakhala likugwedera kuyambira chaka chatha, choncho ndaipinda kanayi n'kuiika pansi pa mwendo wake. Lasiya kugwedera.

Aphungu