Umboni wa a Simwaka pa Mlandu wa Eunice Nakayange

ZOLEMBEDWA ZA MSONKHANO WA KOMITI YOTETEZA AMAYI NDI ATSIKANA, LUFITA

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2003
Malo: Kalasi ya sukulu ya mpingo
Analipo: Mayi Phyllis Namsukwa (Wapampando), Bambo Davison Simwaka (mkulu wa mpingo), Mayi Carol Nachali (wothandiza pa zamalamulo), Bambo Anock Silungwe, Mayi Flora Namwila (Mlembi)
Sanabwere: Bambo Bizwell Kaonga (ali kokolola khofi ku Misuku)

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi ya 2 koloko masana. A Simwaka anakana kupemphera, ndipo amene anapemphera m'malo mwawo ndi a Silungwe.

2. Zomwe zinachitika kukhoti

2.1 Wapampando anakumbutsa mamembala kuti Eunice, wogulitsa nthochi pamsika, anagwiriridwa ndi mwamuna wina mu Epulo, ndipo mlandu uli kukhoti. Komiti ndi imene inaumiriza woimira boma kuti a Simwaka akachitire umboni kuti Eunice ndi mayi wa khalidwe, poti kwathu kuno mawu a mkulu wa mpingo sabwezedwa.

2.2 A Nachali anati woimbidwa mlandu alibe loya, choncho mafunso amafunsa yekha. Woimbidwa mlanduyo anangofunsa a Simwaka chifukwa chimene mpingo unadulira Eunice mu 1998. A Simwaka anayankha kuti anatenga mimba asanakwatiwe. Anthu anaseka.

2.3 Eunice ataitanidwanso, munthu yemwe anamugwirirayo anamufunsa kuti amuna amene anagona nawo ndi angati, awatchule maina. Amayi ake a Eunice anali pabenchi lakutsogolo.

2.4 A Silungwe anafunsa ngati lamulo limalola zimenezi. A Nachali anati khoti likhoza kuletsa mafunso ongofuna kunyazitsa munthu, koma nkhani ya khalidwe tinaiyambitsa ndife, ndiye kunali kovuta kuitseka. Anati anachenjeza komiti mu Meyi. Mlembi akuvomereza kuti anachenjezadi, ndipo tonse tinawatcha amantha.

2.5 A Simwaka anati, "Mama Wapampando, ndinagwira Baibulo. Ndikananama pamaso pa Chiuta?" A Nachali anati palibe anawapempha kunama, koma akanakhala kunyumba. Wapampando analetsa kulozana zala.

2.6 A Silungwe anati mwina ndi bwino khoti lidziwe mbiri ya mkaziyo. Mlembi anafunsa kuti mimba ya 1998 ikukhudzana bwanji ndi dilesi long'ambika la mu Epulo. Mlembi walemba funsoli ndi mtima wowawa.

3. Kupitiriza mlandu

3.1 Mlandu ulowanso pa 24 Juni, ndipo Eunice akapanda kupita ukhoza kuthetsedwa. Wapampando anati anakamuona. Pamsika sakupitanso chifukwa anyamata a kabaza amamuwerengera amuna ndi zala akamadutsa.

3.2 Eunice anayankha Wapampando kuti, "Yewo mama, mwayesetsa. Koma ine ndinapita kukadandaula, ndipo amene anazengedwa ndine. Kachiwiri ayi."

3.3 Panalibe membala amene anadzipereka kukamunyengerera. Komiti sinamange mfundo.

4. Zina ndi zina

Wapampando anati mayi wina wa ku Mughese, yemwe sabata yatha anabweretsa dandaulo lofanana la mwana wake wamkazi, anali m'khoti tsiku lija. Dzulo anatumiza mawu kuti komiti isavutike, mwanayo anangogwa panjinga.

5. Kutseka

Msonkhano wina udzakhala pa 12 Julaye 2003. Wapampando anatseka nthawi ya 3:40 masana.

P. Namsukwa, Wapampando ....................
F. Namwila, Mlembi ....................