Makilomita Makumi Anayi Kukafika kwa Apongozi

Pa msasa wa matenti, kumapiri a Nagano
Loweruka, 14 Okutobala

Okondedwa Achemwali Fumie,

Tinanyamuka ku Hamamatsu Lachitatu m'mawa, ine, Michiru ndi mwana, pa kagalimoto kanga konyamulira mapaipi kaja. Ndasankha kalata chifukwa pa foni mukanandikalipira ndisanamalize. Tonse tili bwino. Itsuki akuyamwa mokwanira ndipo matewera alipo.

Mawa akukwanitsa masiku zana, ndiye mwambo wa chakudya choyamba uchitikira kwawo kwa Michiru, kumunda wa maapulo. Mukudziwa kuti mwana akakhala wamwamuna, womugunditsa chakudya pakamwa amakhala mwamuna wamkulu wa m'banja. Bambo athu kulibe, ndiye otsala ndi apongozi anga, a Karasawa, amene sindinaonanepo nawo chikhalire. Paja ife tinangokalembetsa ukwati ku ofesi osayamba tapita kukagwada kwawo. Chaka chonsechi dzina langa sanalitchulepo. Kwa iwo ndine "wamapaipi uja".

Msewu wake ndi wa maola anayi. Ife lero ndi tsiku lachinayi tili m'njira.

Tsiku loyamba ndinati mabuleki atentha ndi mitsetse, tigone m'mbali mwa mtsinje wa Tenryu. Anatenthadi, koma pang'ono. M'mawa mwake ndinati kuli chifunga, sindingayende ndi khanda pa makona oterewa, tinangosuntha pang'ono n'kumanganso tenti pa msasa wina. Michiru amangoti taonani masamba afiira mpaka pamwamba pa phiri, taonani mathithi. Anthu amachoka kutali kudzajambula zimenezi, koma ine chimene ndaona ndi mzere woyera wa pamsewu basi. Dzulo ndinati tenti yanyowa ndi mame, tikaipinda choncho ichita nguwi.

Mphatso nayo yandivuta. Ndinagula bokosi la makeke a nyemba pa sitolo yabwino, lokutidwa mwaulemu, osaona kuti analembapo kuti adyedwe pasanathe masiku awiri. Munthu sungafike kwa apongozi koyamba ndi makeke otha masiku, ndiye tinawadya. Ndinagula ena pa sitolo ya m'mbali mwa msewu, nawonso tadya dzulo.

"Bambo a Itsuki," anatero Michiru akunyambita zala, "mukapitiriza chonchi ndikafika kwathu nditanenepa, amayi aziti mumandisamala."

Ine sindinaseke. Ndinati pa chikwangwani alemba kuti kumtundaku kwaoneka chimbalangondo, tiyambe tafunsa.

"Chimbalangondo chili kwathu chokha, ndipo chatsala ndi mano anayi. Tenti yauma, ndaigwira ndekha. Kenako munamizira chiyani, anyani atseka msewu?"

Achemwali, kwa inu sindingabise. Kukalipidwa sindikuopa, kuntchito ndinazolowera. Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti mwina mawa nsomba idzakhala pa mbale, mpunga wofiira uli apo, kamwala kolimbitsa mano katsukidwa, mwana wavekedwa bwinobwino, koma mkuluyo n'kukana kugwira timitengo todyera. Ndiye mwana wanga adzakhale pamenepo wopanda womudyetsa chifukwa cha ine. Chithunzi cha tsiku limenelo adzachiona akadzakula. Ndidzamuuza chiyani? Tikakhala kuno kumapiri palibe amene wamukana.

M'mawa uno Michiru anapita kotsukira mbale, ndi kokhako kumene foni imagwira. Wabwera akuyenda pang'onopang'ono, mwana ali pachifuwa.

"Ndalankhula ndi amayi. Akuti bambo alawirira kuchotsa mabokosi a maapulo pabwalo. Akufunsa kuti galimoto yanu ndi yaitali bwanji."

"Mamita atatu ndi masentimita makumi anayi. Ananenanso chiyani?"

"Basi."

"Basi? Za ine palibe?"

"Mumafuna akuimbireni nyimbo? Ine ndinabadwira m'nyumba imene ija, mabokosi amenewo sanasunthidwepo ngakhale tsiku la maliro a agogo."

Ndakhala ndikulingalira zimenezi kwinaku ndikuzula zikhomo za tenti. Mwina akonza malo oti ndiimikepo galimoto. Mwinanso akonza malo oti ndikhotere mosavuta pobwerera. Ndafunsa Michiru, wangondiponyera chingwe kuti ndikulunge.

Katundu yense walowa. Matayala ndawaona, mafuta alipo, malaya oyera aja ali pansi pa mpando, akwinyika pang'ono. Makeke ndigula achitatu kutsogoloku, ndipo bokosi lake wati asunga yekha Michiru. Patsala makilomita makumi anayi.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Muyatse lubani pa chithunzi cha bambo, muwauze kuti mdzukulu wawo ndi wonenepa ndipo makutu ndi awo omwe aja. Akanakhalapo bwenzi atandiuza mawu oyamba onena pakhomo la eni, chifukwa ine ndayesa m'galimoto kambirimbiri ndipo ndimangothera pa moni. Amayi muwapatse moni, koma za masiku anayiwa musawauze. Alamu anga ndi ana nawonso muwapatse moni.

Pansi pa phirili pali mphambano. Kumanzere ndi njira yobwerera ku Hamamatsu, kumanja ndi kwa a Karasawa. Mwini msasa wandiuza kuti bokosi la makalata lili kumanja, ukangowoloka mlatho. Kalatayi ikakupezani, mudziwe kumene ndinakhotera.

Ndine mlongo wanu,
Tsutomu